Kwathu kulibe piscine

Aphunzitsi anzanga a Chifalansa, ochepa amene tatsalafe, mukuudziwa mutu uja wa Ma ville, kutanthauza tauni yanga. Buku lililonse lomwe ndinaligwirapo lili nawo, kaya ndi lakale lothothoka chikuto, kaya ndi latsopanoli lomwe timachita kubwerekana sukulu ndi sukulu. Nanunso amene munadutsa m'manja mwanga ndikhulupirira mukuukumbukira, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu chomwe chinatsala m'mutu ndi bonjour yekha, amene mumandikuwira naye ndikamadutsa pa depoti. Pamwamba pa tsamba pamakhala chithunzi cha tauni yosesedwa bwino, misewu yake yowongoka ngati yojambula ndi lula. M'munsi mwake mumakhala mawu oti mwana aloweze: la gare, la piscine, le musée, le cinéma, la boulangerie, ndiye kuti siteshoni ya sitima, dziwe lomanga ndi simenti losambiramo, nyumba yosungiramo zinthu zakale, nyumba ya kanema ndi kophikira buledi. Kenaka pamabwera timawu tiwiri tomwe ndiye msana wa mutu wonse. Kena ndi il y a, kutanthauza kuti kuli chakutichakuti. Kanzake ndi il n'y a pas de, kutanthauza kuti kulibe.

Galamala yake si yovuta ayi. Mwana wa Fomu 2 amaigwira tsiku limodzi. Nkhani imakula mukangonena kuti tsopano aliyense alembe za kwawo.

Makope omwe amabwera patebulo panga amakhala a magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ochenjera, amene anazindikira kalekale kuti kusukulu chofunika ndi kubweza zomwe buku lanena. Amenewa amangosenza tauni ya m'bukuyo n'kukaitula kwawo. Ndinawerengapo za Kampepuza wokhala ndi bwalo la ndege. Mnyamata wina wa ku Kasinje, kuchigwa kuja kumene mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, analemba mosaphethira kuti Loweruka lililonse iye ndi achimwene ake amachita ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa aja. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ski ameneyu mumachitira pati ku Kasinje?" Iye anati, "Sala, ndimafuna ndigwiritse ntchito verebu ya faire." Ndipo anaigwiritsadi ntchito bwino lomwe.

Amenewa sandidetsa nkhawa kwenikweni, akudziwa okha kuti akusewera. Amene amandisowetsa mtendere ndi a gulu lachiwiri, ana oona mtima. Mtsikana wina wa ku Tsangano, wanzeru ndithu, wolemba mwaudongo, anandipatsa chimangirizo cha mizere isanu ndi itatu, ndipo mzere uliwonse unayamba ndi il n'y a pas de. Kulibe piscine, kulibe musée, kulibe cinéma, mpaka mawu onse a patsamba lija anatha. Pomaliza analemba kuti, "Dans mon village, il n'y a rien." M'mudzi mwathu mulibe kalikonse. Sanaphonye ngakhale kachizindikiro kamodzi ka pamwamba pa e. Potsata malamulo a kachongedwe anayenera kupeza malikisi onse, ndipo anawapezadi. Koma taganizani, anzanga. Kwawo kwa mwanayu ndi kumene kumachokera kachewere amene a ku Blantyre amanyadira naye pa chiwaya. Fizi yomwe ikumusunga pasukulu inatuluka m'matumba a kachewere yemweyo. Ndiye chiganizo choyamba chomwe wapanga yekha, osakopera, m'chilankhulo chatsopano, n'choti kwawo kulibe kanthu.

Ine ndimaona kuti mwana wotere waphunzira zinthu ziwiri pomwe ife tinkafuna aphunzire chimodzi. Wagwira il n'y a pas de. Wagwiranso ganizo loti malo oyenera kutchulidwa m'chilankhulo cha anthu ophunzira ndi okhawo okhala ndi zinthu za patsamba lija. Chachiwirichi sichibwera pamayeso a MANEB, koma ndi chomwe amapita nacho kunyumba pa holide.

N'chifukwa chake ndikafika pamutu umenewu buku ndimayamba ndalitsekera m'kabati. Ndimajambula mzere umodzi wautali pabolodi n'kunena kuti uwu ndi msewu wa M1, kumtunda kuno ndi ku Dedza, kumunsi uku ndi ku Balaka. Aliyense abwere adzaike kwawo, ndi chinthu chimodzi chomwe mlendo akafika kumeneko angachione, angachidye kapena angachigule. Poyamba amangoyang'anana. Koma akangodzuka mmodzi, choko amachita kulimbirana. Lizulu, Mlangeni, mphambano ya ku Tsangano, Biriwiri, pa boma, Nsipe, Kampepuza, Manjawira. Kenaka a kuchigwa amayamba kung'ung'udza kuti mzere wanga wawasiya panja, ndiye timajambula wina wa ku Kandeu, Kasinje, Sharpevale ndi Bilila. Pakutha pa piriyodi bolodi limakhala mbuu, ine ndemwe mbuu.

Pofika apa ntchito imakhala itatembenuka. Si inenso wowapatsa mawu kuti akasake zinthu zake. Iwo ndiwo ali ndi zinthu, ndipo akundivutitsa kuti ndiwapatse mawu. Chigayo ndi le moulin à maïs. Mjigo ndi le forage, kapena kungoti la pompe. Kabaza ndi le vélo-taxi. Tsiku la msika ndi le jour de marché. Ndipo la gare ija, yomwe onse amathamangira kuikana, ilipo. Njanji yochokera ku Balaka, yomwe inafika ku Salima mu 1935, imadutsa m'boma lathu lomwe lino, pa Bilila ndi pa Sharpevale. Ana ambiri a kumtunda sadziwa zimenezi, amadzamvera kwa anzawo a kuchigwa m'kalasi ya Chifalansa. Piscine ndiye ana anga alibedi, koma amasambira mu Rivirivi ndi mu Livulezi, ndipo "on se baigne dans la rivière" ndi Chifalansa chabwinobwino chosachititsa manyazi.

Chiganizo chomwe ndimachikonda kuposa zonse chimachokera kwa a ku Lizulu, kumene msewu womwewo ndiwo malire a dziko: "Je traverse la route et je suis au Mozambique." Ndimangodumpha msewu, basi ndili ku Mozambique. Ndimawauza kuti mwana wa ku Paris, ndi ma musée ake onse, sangalembe zimenezi popanda kunama.

Pa Lizulu pomwepo ndi pamene timachedwa, chifukwa msika umene uja ndi dikishonale yathunthu. Kabichi ndi le chou, anyezi ndi l'oignon, kaloti ndi la carotte, mapichesi ndi les pêches, ndipo zonse timayeza ndi le seau, ndowa, osati makilogalamu a m'buku. Kachewere akamva kuti ndi la pomme de terre, apozi wa m'nthaka, kalasi yonse imafa ndi phwete. Koma kholowa ndi la patate douce, ndipo apa ndi pamene ndimawaonetsa kanthu kena. Mawu monga mbatata, kalata, chipewa ndi kapitawo makolo athu anabwereka kwa Apwitikizi, amene anachita malonda m'chigwa cha Zambezi kwa zaka mazanamazana: batata, carta, chapéu, capitão. Chipwitikizi ndi Chifalansa ndi pachibale, zonse zinabadwa ku Chilatini, ndiye mawu awo ambiri amafanana nkhope: patate, carte, chapeau, capitaine. Chinanazi nacho ndi ananas. Mwana akazindikira kuti chipewa cha agogo ake ndi chapeau ndi mawu amodzi omwe anangoyenda njira zosiyana, amakhala kaye duu. Chenjezo lokha ndi loti carte ya Afalansa ndi mapu kapena khadi, kalata yeniyeni ndi la lettre. Achibale amafanana koma sakhala nyumba imodzi.

Pali mawu ena omwe sindilola kuti atanthauziridwe. Tsiku lina tikuchonga limodzi mayeso oyeserera, mphunzitsi mnzathu wina anakhwatcha nsima ndi bolopeni yofiira pa pepala la mwana n'kulembapo bouillie. Abale, bouillie ndi phala! Munthu wa ku Ntcheu mungamuuze kuti usiku wadzulo anagonera phala ndi nkhwani? Afalansawo couscous, pizza ndi sushi sanazisinthe maina, anangozipatsa le kapena la n'kumadya. Ifenso tizilemba la nsima, le thobwa, le bawo, kenaka mwana afotokoze ndi chiganizo chimodzi kuti chinthucho n'chiyani. Kufotokozako ndiye Chifalansa chenicheni, chifukwa palibe buku lomwe angakopereko. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, ndipo sindikuganiza kuti mnzangayo anagonja.

Gawo lina la mutuwu ndi kulondolera mlendo njira. Buku limati, "Allez tout droit, prenez la deuxième rue à gauche," pitani molunjika, mukhotere msewu wachiwiri kumanzere. Ku Gowa kapena ku Kandeu msewu wachiwiri ndi uti? Ife sitiwerenga misewu. Timati mukadutsa chigayo mudzaona mtengo waukulu wa mango, pamenepo mutsikire kumunsi, moyang'anana ndi manda. Zonsezi Chifalansa chili nazo: après le moulin, près du grand manguier, en face du cimetière. Ndipo mawu ang'onoang'ono omwe silabasi ikufuna, après, près de, en face de, derrière, amagwira ntchito yambiri panjira yathu kuposa pa ya m'buku. Chomwe ndalephera kuthetsa ndi yankho la funso loti "C'est loin?" Kaya ndi mtunda wa maola awiri, mwana wa kuno amayankhabe kuti "Non, c'est tout près." Pafupi pomwepa. Chimenecho si vuto la galamala.

Polondolera njira pomwepo pamatulukira mwayi wina womwe ana athu ali nawo. Mngelezi ali ndi you mmodzi yemweyo wa mwana, wa apongozi ndi wa galu. Mfalansa ali ndi tu ndi vous, ndendende iwe ndi inu. Mwana wa Chingoni, amene anakula akudziwa kuti wamkulu satchulidwa dzina koma mfunda, safunika kuuzidwa kawiri kuti gogo wofunsa njira ya kuchipatala timamuuza kuti allez, osati va. Ndimadabwa kuti ambiri a ife timaphunzitsa tu ndi vous kudzera m'Chingelezi, chilankhulo chokhacho m'kalasimo chomwe chilibe kusiyanitsa kumeneku.

Tsopano pa zochitachita. Buku limafunsa kuti, "Qu'est-ce que tu fais pendant ton temps libre?" Umatani pa nthawi yako yopuma? Mayankho ake okonzeratu ndi kupita ku kanema, kuzungulira m'masitolo, kuimba piyano. Anyamata savutika. Amasewera mpira, amasewera bawo pansi pa mtengo pa msika, amakaonera mpira wa ku Ulaya kumalo oonetsera mavidiyo. Mbali ya atsikana imakhala zii. Chaka china mmodzi anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Sala, kodi kuchapa kuli m'gulu la ma loisirs?" Anafunsa moona mtima, sikuti ankaseka. Tinalemba pabolodi zomwe amachita Loweruka kuyambira tambala woyamba: puiser de l'eau, kutunga madzi, ramasser du bois, kutola nkhuni, piler le maïs, kukonola, sarcler, kupalira, kenaka kuphika, kuchapa, kulera ana. Mndandanda wa anyamata unali ndi kudyetsa mbuzi ndi kulima, kwinako mpira. Mtsikana wina atayang'ana bolodi anangoti, "Les garçons ne font rien à la maison." Kumbuyo kunamveka "C'est faux!" ndipo mkangano unabuka, m'Chifalansa chothyokathyoka, wina akasowa mawu amatembenukira kwa ine ndi maso aukali ngati ndamubisira dala. Mphindi makumi awiri zinatha osamva Chichewa kapena Chingelezi. Amene mumaphunzitsa phunziroli mukudziwa kuti zimenezi sizichitika wambawamba. Munthu amalimbana ndi chilankhulo akakhala ndi mlandu woti awine.

Za ngoma ndi Umhlangano wa ku Nkolimbo ndiye amafotokoza mosachita kukakamiza, mpaka ena kufuna kudzuka kuti aonetse kapondedwe kake. Pamakhala kukangana ngati Inkosi ya Makosi tiziti le roi kapena le chef suprême, makamaka akamva kuti chef amatanthauzanso mkulu wa ophika. Ndimawasiya asankhe, ambiri amatenga roi. Chovuta ndi chaka chomwe a Inkosi Gomani oyamba anaphedwa ndi asilikali a atsamunda, 1896. M'Chifalansa ndi mille huit cent quatre-vingt-seize, ndiye kuti 96 amamuwerenga ngati 20 anayi kuonjezerapo 16. Ana amati Afalansa ndi ovuta dala. Ndimawauza kuti anene 96 yemweyo m'Chichewa cha agogo awo. Makumi asanu ndi anayi, mphambu zisanu ndi chimodzi. Kuseka kumathera pomwepo.

Ndikudziwa zomwe ena a inu mungandiyankhe, chifukwa mwandiyankhapo kale pamisonkhano yathu. Mumati chilankhulo chachilendo ntchito yake ndi kuonetsa mwana dziko lina, osati kumubwezera kumudzi komwe akufuna kuchokako. Mumatinso pamayeso padzabwera piscine, osati chigayo. Apa sindikutsutsani kotheratu. Buku lija ndimalitulutsa m'kabati sabata yachiwiri, ndipo mawu onse aja amawaloweza, métro ndi boulangerie zomwe. Mwana ayenera kuwamva akawawerenga. Koma kumva ndi kulankhula ndi zinthu ziwiri. Za Paris adzafunsa, ndipo eni ake adzamuuza. Za Ntcheu adzafunsidwa, ndipo pamalopo sipadzakhala wina womuyankhira.

Funso lolemera kwambiri limachokera kwa makolo. Bambo wina pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tsidya la msewuwu boma lake limalankhula Chipwitikizi. Nanga Chifalansachi ana athu akalankhula ndi ndani?" Funso labwino, ndipo ine amene ndinakula m'zaka za m'ma 1980, midzi yathu itadzaza ndi abale othawa nkhondo ya ku Mozambique mpaka mtendere utabwera mu 1992, sindingalipeputse. Chipwitikizi chikanayenera kukhala ndi malo m'sukulu za m'malire muno. Komabe wa ku Lizulu akapita ku Ulongwe m'boma la Angónia amagula ndi kugulitsa m'Chichewa chomwechi. Chifalansa ndi cha ulendo wautaliko pang'ono, ndipo si wa ku Ulaya ayi. M'bungwe la SADC muli DR Congo, Madagascar, Mauritius, Seychelles ndi Comoros. Madalaivala athu a mathiraki amafika ku Lubumbashi. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, komwe kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira mu 1994, kuli anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Sindinawanamize bambowo kuti mwana aliyense adzadyera Chifalansa. Ambiri sadzatero, monganso ambiri sadyera ma logarithm.

Mu 2013 asilikali a dziko lino anatumizidwa kum'mawa kwa Congo pansi pa United Nations. Mmodzi mwa ana anga akale, amene m'kalasi ankakhala kumbuyo kwenikweni, anapita nawo ulendo wina. Atabwerako tinakumana pa boma, ndipo ndinamufunsa ngati Chifalansa changa chinamuthandiza. Anati zambiri zinkayenda m'Chiswahili ndi mwa otanthauzira, koma akakhala pansi ndi aphunzitsi kapena anamwino a kumeneko, funso linali limodzi lomwelo: "C'est comment chez vous?" Kwanu n'kotani? Anati, "Sala, palibe anandifunsapo njira ya ku musée. Ndinkawauza za mapiri, za kuzizira kwa mwezi wa Juni, za kachewere. Iwonso kumapiri kwawo amalima kachewere, ndiye nkhani inkakoma." Anandiuzanso kuti kabaza ali naye, m'madera ena amamutcha toleka.

Ndipotu Chifalansa si mlendo wa dzulo m'boma lino. Mu Julaye 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, anafika pa Nzama, m'dera la mfumu Njobvuyalema, n'kutsegula mishoni yomwe Akatolika amaiwerenga ngati chiyambi cha mpingo wawo wokhazikika m'dziko muno. Mu 1904 kunabweranso masisitere a chipani cha Filles de la Sagesse. Likulu lawo lauzimu, Saint-Laurent-sur-Sèvre, ndi katauni kakang'ono ka kumidzi ya kumadzulo kwa France, osati Paris. Anthu amenewa anali ndi homuweki yofanana ndi ya ana anga, kungoti motembenuza. Ankayenera kuphunzira kufunsa njira m'Chinyanja, kenaka madzulo n'kukhala pansi kufotokozera akwawo m'Chifalansa za mapiri a Kirk Range, za nsima, za mvula ndi za Angoni. Ndiye kuti zaka zoposa 120 zapitazo Ntcheu inali itakwana kale m'Chifalansa, popanda piscine. Ana a ku Nzama ndikawauza zimenezi amakhala mowongoka pa desiki tsiku lonse, ndi a mipingo ina omwe.

Pakhoma la kalasi yanga pali pepala lalikulu lomwe timalembapo mawu akwathu ndi Chifalansa chake, ndipo kalasi iliyonse imaonjezerapo. Lafika pa mawu oposa zana. Dimba tinagwirizana kuti ndi le jardin potager, ngakhale jardin sanena za chinyontho cha m'mbali mwa mtsinje. Ganyu tinamupatsa le travail à la journée, monyinyirika. Mawu omwe akhala opanda mnzake kwa zaka zitatu tsopano ndi kucheza, chomwenso ndi chinthu choyamba ana amatchula ndikawafunsa zomwe anthu amachita kwawo madzulo. Bavarder ndi kulongolola. Rendre visite ndi kukaona munthu, kumakhala ndi kofikira ndi kotsanzikira. Causer akuyandikirako, koma amafuna kuti pakhale mawu, pomwe ife timatha kucheza ndi agogo pakhonde ola lathunthu titangosinthana ziganizo zitatu, wina akusenda nthochi, wina akuyang'ana mbuzi. Mnyamata wina wa Fomu 4 ananena kuti tingolemba être ensemble, kukhala pamodzi, koma anzake anakana, ati anthu a m'minibasi nawonso amakhala pamodzi. Mtsikana wa ku Mlanda ndiye anatenga choko n'kupanga verebu yake, chezer, n'kuyamba kuisintha pabolodi ngati ya gulu loyamba: je chèze, tu chèzes, nous chezons. Kachizindikiro ka pa e anakaika pamalo pake penipeni, monga timachitira ndi acheter. Papepala paja ndinailemba ndi pensulo.